Mapepala Atatu pa Tebulo Lositira

Zaka makumi awiri ndi zinayi bambo anga akulonga masutikesi
m'mimba mwa ndege ku Chileka,
koma mpando wa pawindo sanaukhalepo.
Amaizindikira ndi makutu isanatulukire kuseri kwa Michiru.
Ine ndinakulira pa waya wa mpanda,
dzimbiri m'zala, fumbi m'mano,
kuwerenga mpaka matayala atasiya nthaka.

Lero ndayala mapepala atatu pa tebulo lositira,
ndawapsinja ndi simbi
kuti chiperoni chisawaulutse ine ndisanauluke.

Loyamba ndi la ku Joni:
ndege zoyera kuti mbee, ophunzira akuseka ndi mano onse,
mtengo wake uli pansi penipeni,
m'zilembo zazing'ono ngati linthumbu, zolumanso chimodzimodzi.
Lachiwiri ndi la kasukulu kakutali, masiku atatu pabasi,
chithunzi chimodzi chokha, chotuwa,
makaniko atagwada pansi pa phiko.
Lachitatu anandipatsa mkulu wa tayi ku Limbe,
m'ofesi ya pamwamba pa sitolo ya mazipi ndi mabatani.
Anati, "Mwandida, lipira zonse lero,
mvula isanagwe kawiri wavala mizere paphewa."
Nditafunsa komwe kuli ndege zake
anandifunsa ngati ndimwa chozizira.

Kuchipatala ndinapambana kale.
Anandimata mawaya pachifuwa,
anandiimbira malikhweru khutu ili, kenako ilo,
natsegula buku la timadontho tofiira ndi tobiriwira.
"Ukuona nambala yanji?"
Ndinati sevente folo.
Mnyamata amene analowa patsogolo panga anangoona madontho.
Ndinamupeza pa siteji ya pa Kwinzi
akung'amba envulopu yake pang'onopang'ono,
minibasi zikumuitana, iye osamva.

Mayi agulitsa puloti ya ku Machinjiri,
ija anadzalamo peyala pomwe padzakhale khonde.
Ndalamazo timawerenga usiku, m'mawa zaonda.
Dola imanyamuka osathamanga kaye pansi,
kwacha n'kutsala pa waya, monga ine, kubayibitsa.

Loweruka ndinapita ku Lunzu kwa a Namalomba,
amene anaulutsa ndege mpaka maso atawakana,
lero amaweta nkhuku zoyera.
Sanayang'ane n'komwe zithunzizo.
Anati, "Usawerenge ndege za papepala.
Funsa zingati zinauluka dzulo,
zingati zagona pa njerwa kudikira sipeya.
Funsa wophunzira, osati wa paofesi,
kuti amadikira masabata angati ola limodzi lamumlengalenga.
Chiphaso chawocho ukabwera nacho kuno, achilandira?
Ndipo ndalama uzimwaza pang'ono, ngati chakudya cha anapiye.
Ukakhuthula thumba lonse amapondapo."
Anandipatsa mazira sikisi m'jumbo
n'kuti ndikafike nawo kunyumba osasweka, ndiwo mayeso oyamba.
Ndinafika nawo asanu.

Tsopano koloko yati faifi, magetsi sanabwere.
Bambo alowa kuchokera kuntchito ya usiku,
malaya akununkha mafuta a ndege.
Achotsa simbi, ayandikiza kandulo.
La ku Joni alitembenuza, aliika pansi.
La ku Limbe apukutira zala.
Lachiwiri aligwira nthawi yaitali,
chala chawo chili pa makaniko uja.
"Uyu mawondo ake akuda ngati anga.
Kumene ajambula munthu wotere, ndege zake zimabwerera."

Sindikudziwa ngati ndalama zifika ku ola lomaliza.
Sindikudziwa ngati m'mimba mwanga mudzakhazikika
mphunzitsi akadzatsika n'kutseka chitseko,
ndikadzatsala ndekha ndi mphepo.
Ndatenga bolopeni, dzanja likunjenjemera,
dzina langa lapendekera ngati phiko pokhota.

Bambo akuvula nsapato pakhomo, osatembenuka.
"Ukadzatera kuno, udzatere mofatsa.
Pansipo pamakhala mbale za anthu,
ndipo wolonga ndimakhala ine."